Wamisala Anaona Nkhondo: Mawu kwa Anthu a m'Chilenje pa za Lamulo la Odwala Maganizo

Makolo athu, amene analibe nyumba ya malamulo yomangidwa ndi njerwa kapena mabuku osungiramo zigamulo zawo, anatisiyira mwambi wakuti wamisala anaona nkhondo. Ndipo amene anakulira kumudzi adzakumbukira m'mene agogo ankaumasulira, kuti munthu wina wozungulira mutu anathamangira pabwalo nafuula kuti adani ali tsidya lija la mtsinje, koma anthu, poona nsanza zake ndi tsitsi lake losapesa, anamuseka napitiriza kumwa mowa wawo, kufikira mikondo inawapeza ali chikhalire. Mwambiwu ndauika patsogolo chifukwa nkhani yonse ya lamulo limene ndifuna kulongosola yagona pa funso limodzi: kodi munthu amene mutu wake wasokonezeka akadali ndi mawu oyenera kumvedwa, kapena matenda akangolowa m'mutu ndiye kuti umunthu wake wathera pomwepo?

Ife a m'Chilenje, pamodzi ndi abale athu a ku Kanyama, Matero, Chawama, Kalingalinga, Mtendere ndi kwa George, funso limeneli timaliyankha tsiku ndi tsiku osadziwa kuti tikuliyankha. Kondakitala wa minibasi akakangana ndi wokwera pa za chenji, mawu ake otsiriza amakhala akuti, "Imwe, yendani ku Chainama!" Ana akaona munthu wovala masaka akutola zotayidwa kuseri kwa msika amamutsata ndi miyala nafuula kuti wofunta, akulu ali pa tuntemba tawo kuonerera. Ndipo m'nyumba zina zooneka bwino, zokhala ndi mpanda wa njerwa ndi geti lopaka utoto, muli kachipinda kakumbuyo kamene alendo saonetsedwa, m'mene mwana wa pakhomopo wakhalamo miyezi ndi miyezi ali ndi unyolo kumwendo. Ndinakaonapo kotere ndi maso anga; ndipo mayi wa mnyamatayo sanali munthu wankhanza, koma wotopa, wosagona tulo, wouzidwa ndi aliyense zoti achite, chikhalirecho panalibe ndi mmodzi yemwe amene anamuuza chimene lamulo linena.

Tisanafike pa lamulo la lero, tiyambe tacheukira limene linalipo kale. M'masiku a atsamunda, dziko lino likutchedwa Northern Rhodesia, munthu wodwala misala kwambiri ankasungidwa m'ndende kapena m'tizipinda ta pambali pa zipatala, ndipo ena ankawatumiza ku chipatala cha Ingutsheni, mu Bulawayo, kutali ndi abale awo ndi chinenero chawo. M'chaka cha 1949 boma la nthawiyo linakhazikitsa lamulo lotchedwa Mental Disorders, ndipo mu 1962 chipatala cha Chainama Hills chinatsegulidwa m'mbali mwa msewu wa Great East, womwewo umene timadzera popita ku Chipata. Chaka chimenecho a Kenneth Kaunda anali kukhala konkuno ku Chilenje, m'nyumba nambala 394, kuitanira mtundu wonse ku ufulu. Ufuluwo unafikadi mu 1964; mbendera inasintha, nyimbo ya fuko inasintha, malamulo ambiri a tsankho anafafanizidwa; koma lamulo la odwala misala linatsala chilili, ngati chitsa chimene olima amangochizungulira chaka ndi chaka, kwa zaka zina 55.

Lamulo lakalelo linkayang'ana wodwala monga mwini khola ayang'anira ng'ombe yogunda: chachikulu n'chakuti isavulaze anthu. Linagawa odwala m'magulumagulu ndi kuwatcha maina amene munthu waulemu sangawatchule pamaso pa apongozi, monga idiot ndi imbecile, ndiko kuti chitsiru ndi chidzete, ndipo mainawa sanali a m'bala kapena a pamsika, koma olembedwa m'buku la malamulo a dziko. Wapolisi ankatha kugwira munthu woganiziridwa misala, majisitireti nkulamula kuti asungidwe, chuma chake nkuikidwa m'manja mwa ena, mwini wake ali pomwepo ngati mtolo wa nkhuni umene anthu akukambirana za amene ausenze.

Tsono mu 2017 anthu atatu amene anadziwa za m'zipinda za odwala misala, osati mwa kumva koma mwa kugonamo, anapita ku Bwalo Lalikulu la milandu mu Lusaka kukasumira boma. Mlanduwo umadziwika ndi dzina la a Mwewa, ndipo mmodzi mwa atatuwo anali a Sylvester Katontoka, amene anayambitsa bungwe la MHUNZA, la anthu amene anadwalapo matenda a maganizo ndipo amadzilankhulira okha. Anali ndi poponda, pakuti Zambia inali itavomereza kale, mu 2010, pangano la United Nations la ufulu wa anthu olumala, ndipo mu 2012 inali itakhazikitsa lamulo lake la anthu olumala, limene limawerengera kulumala kwa m'maganizo pamodzi ndi kwa m'thupi. Mu Okutobala chaka chomwecho cha 2017 bwalo linagamula kuti ndime yachisanu ya lamulo la 1949, ija ya maina onyoza, inali yotsutsana ndi malamulo aakulu a dziko. Silinagwetse lamulo lonse monga odandaulawo anapempha, komabe linanena poyera kuti lamulolo lakalamba ndipo lifunika kuunikidwanso. Ulendo umenewo wamisala anafuula pabwalo, ndipo akulu a bwalo anatchera khutu.

Patapita zaka ziwiri Nyumba ya Malamulo ku Manda Hill inapereka lamulo latsopano, lotchedwa Mental Health Act, nambala 6 la chaka cha 2019, nilichotsa lija la 1949 litakhala zaka 70. Linakhazikitsanso khonsolo ya dziko lonse yoyang'anira za umoyo wa maganizo. Koma chimene chikhudza munthu wa m'komboni choyamba ndi nkhani ya dzina, pakuti lamuloli likuletsa kusala wodwala, kumuchitira zomuchotsera ulemu, ndi kumutcha maina onyoza. Wina adzati, ha, kodi boma lidzaika wapolisi pa minibasi iliyonse kuti amvetsere pakamwa pa kondakitala? Iyayi, silingathe, koma dzina ndilo limatsegulira njira nkhanza zina zonse, popeza munthu sayamba wamumanga mbale wake asanamutche kaye mumtima mwake kuti uyu salinso munthu. Lungalunga n'pobadwa, chilema chichita kudza. Mphunzitsi, namwino, m'busa, mayi amene wangochira kumene ku chikuta, aliyense wa amenewa mawa angathe kukhala amene ana akumutsata ndi miyala.

Nkhani yachiwiri ndiyo yolemera koposa, ndipo pano ndichedwapo pang'ono. Lamulo likuti wodwala maganizo ali ndi mphamvu pamaso pa malamulo monga munthu wina aliyense: kukhala ndi nyumba, kusunga ndalama kubanki, kulandira gawo lake la chuma cha masiye, kusumira amene wamulakwira. Ichi n'chachikulu kwa ife a m'Chilenje, chifukwa nyumba zambiri za kuno zinali za khonsolo, ndipo pamene boma la a Frederick Chiluba linazigulitsa kwa okhalamo mu 1996, mabanja anazipeza pa mtengo wochepa; lero nyumba zomwezo ndi chuma chimene abale amachiyang'ana ndi diso la fisi. Mwini nyumba akangogonekedwa ku Chainama sabata zitatu, mlamu wake wayamba kale kutolera renti ya tizipinda ta kumbuyo, mphwake wasunga mapepala a nyumba "kuti angawang'ambe," ndipo wodwala pobwerako apeza kuti pakhomo pake pomwe wasanduka mlendo wopempha ndalama ya sopo. Dziwani, abale anga, kuti kugonekedwa m'chipatala sikuchotsera munthu umwini wa kanthu kalikonse. Kalata ya dokotala yonena kuti munthu akudwala si chilolezo chogulitsira nyumba yake, ndipo msonkhano wa banja, ungakhale waukulu bwanji, si bwalo la milandu.

Nanga matenda akakula kufikira munthu sakuthanso kuzindikira chimene akusainira? Pamenepo lamulo likuti bwalo la milandu lingathe kumuikira munthu womuthandiza. Ine ndikamawerenga za munthu ameneyu ndimakumbukira nkhoswe ya kwathu, imene imaimirira mbale wake pa ukwati, imamulankhulira pamene iye sangathe kulankhula, imamuteteza akamaponderezedwa, koma siikhala mwini wa banjalo ndipo siidya za m'nkhokwe yake. Womuthandiza wodwala ayenera kufunafuna chimene mwini wakeyo akanafuna, osati chimene chikomera iye. Komabe ndisabise mawu: ndime yachinayi ya lamuloli ikupatsa ndi dzanja lamanja ndi kulanda ndi lamanzere, pakuti itatha kunena kuti wodwala ali ndi mphamvu pamaso pa malamulo, ikupitiriza kunena kuti amene matenda amuchotsera kuzindikira mphamvuyo alibe. Mabungwe a anthu olumala anaidandaula ndimeyi kuyambira pachiyambi, nanena kuti ikusemphana ndi pangano lija la 2010, ndipo ine ndili kumbali yawo; pakuti misala ya anthu ambiri imabwera ndi kupita ngati malungo, ndipo munthu amene mu Januwale sanadziwe dzina la mkazi wake, mu Epulo akhoza kuwerengera bwinobwino phindu la kantemba kake. Khomo lotere, likasiyidwa chitsegukire, amalowerapo ndi mlamu uja wa renti.

Pa za mankhwala, lamulo likufuna kuti wodwala auzidwe chimene akudwala, mankhwala amene akupatsidwa ndi zovuta zimene angabweretse, ndipo avomere yekha ngati angathe kutero. Mankhwala ena a misala amaumitsa khosi, amanjenjemeretsa manja, amagonetsa tulo usana wonse. Wodwala akadandaula zotere sakuchita mwano, akunena zoona, ndipo dokotala angathe kusintha mlingo kapena mtundu wake, pamene kungomukalipira kumamuchititsa kuti aziwataya m'chimbudzi mwakachetechete. Palinso chinthu china chatsopano chimene ambiri sanachimve: munthu amene amadziwa kuti matenda ake amabwerera angathe, pa nthawi imene ali bwino, kuneneratu zofuna zake za m'mene adzasamalidwire akadzadwalanso. Chimenechi n'chofanana ndi mlimi amene amafolera denga lake mu Seputembala. Ndikanakonda banja lililonse lokhala ndi wodwala wotere likanakhala pansi tsiku lina labata, nkulemba pa pepala, wodwalayo akunena yekha amene akufuna kuti adzamuperekeze kuchipatala ndi amene adzagwire makiyi ake.

Koma ndikumva mayi uja akundifunsa kuti, "Bambo, zonsezo n'zabwino; nanga usiku umene mwana waswa mawindo, watenga chikwanje, ang'ono ake abisala kunsi kwa bedi, ine ndichite chiyani?" Funsoli ndi loona ndipo lamulo silinalithawe. Munthu amene ali pafupi kudzivulaza kapena kuvulaza ena angathe kugonekedwa ndi kupatsidwa chithandizo ngakhale iye akukana. Koma khomo limeneli ndi lopapatiza, ndipo amene amalitsegula ndi a zachipatala atamuyesa, osati malume ake, osati tcheyamani wa m'dera. Choncho njira ndi ya kuchipatala. Yambirani pa chipatala chathu cha Chilenje, chimene chinakwezedwa kuchoka pa kiliniki, kapena pa kiliniki ili pafupi nanu, ndipo iwo akaona kuti pafunika kutero adzakutumizani ku Chainama kapena ku chipatala chachikulu cha UTH. Kuyambira pafupi kuli ndi nzeru yake, chifukwa si kusokonezeka konse kumene kuli misala: malungo okwera kumutu, matenda oumitsa khosi, shuga wotsika, kachilombo ka HIV kakafika mu ubongo, kuleka mowa mwadzidzidzi kwa munthu amene anazolowera kachasu, zonsezi zimabwebwetetsa munthu, ndipo zina mwa izo zimapha m'masiku ochepa banja likadali kufunafuna amene wamulodza. Apolisi mungawaitane kuti akuthandizeni kumunyamula ngati ali waukali, koma chitolokosi si wodi, ndipo munthu amene sanapalamule mlandu malo ake si mmenemo.

Za mapemphero ndi asing'anga ndinene mosamala, pakuti inenso ndine wopemphera. Palibe lamulo loletsa kupempherera wodwala, ndipo mpingo umene umayendera banja lotere, kulibweretsera ufa ndi kukhala nalo, ukuchita ntchito imene boma silingaithe. Koma kumanga munthu pamtengo kuti chiwanda chituluke, kumukwapula, kumumana chakudya masiku ambiri m'dzina la kusala, kapena kumuletsa mankhwala ake ponena kuti kumwa mapiritsi n'kuchepa chikhulupiriro, zimenezo ndime 15 ya malamulo aakulu a dziko, yoletsa kuzunza munthu ndi kumuchitira zosayenera umunthu, siizilola, kaya wochitayo wavala kolala kapena mikanda. Owerenga Malembo akumbukire munthu uja wa kumanda, ku dziko la Agerasa: anthu a kwawo anayesa maunyolo ndi matangadza kambirimbiri osaphula kanthu, ndipo atachira anamupeza atakhala pansi, atavala, kenako anatumizidwa kwawo kwa abale ake.

M'chipatala namonso wodwala salowa atavula ufulu wake pakhomo ngati nsapato. Za matenda ake ndi chinsinsi chake, chosayenera kuululidwa kwa abwana ake a ntchito kapena kwa aneba popanda chifukwa chovomerezeka. Kumutsekera payekha kapena kumumanga pabedi lamulo lakuikira malire, ndipo si chilango choperekera munthu chifukwa wayankha mokweza. Koma pano udindo ukutembenukira kwa ife. Alipo odwala amene madokotala anawamasula kalekale koma akadali m'wodi chifukwa abale anapereka nambala ya foni yabodza nasamuka. Chibale ndi fupa, sichiola. Amene mwasiya m'bale wanu kumeneko, dziwani kuti iye amawerenga masiku a Sabata poyang'ana pageti.

Za ntchito ndidutsepo msanga. Lamulo la ntchito la 2019 likuletsa kusala wantchito chifukwa cha kulumala, ndipo wantchito wa kontirakiti yaitali akadwala ali ndi miyezi itatu ya malipiro athunthu ndi ina itatu ya theka, matenda a maganizo osapatulidwa pa matenda ena. Amene matenda ake ndi okhalitsa angathe kulembetsa ku bungwe la boma la anthu olumala, la ZAPD, ndi kufunsa ku ofesi ya zachitukuko cha anthu za ndalama zothandizira mabanja ovutika. Ndipo mwamuna wogona ndi mkazi wodwala misala podyerera kudwala kwakeko, monga zimachitikira kwa amayi ogona m'misika amene timangowaona ali ndi pakati, wapalamula mlandu waukulu wa zaka zambiri m'ndende. Oona zotere akanene ku Victim Support Unit ya polisi.

Nanga wodwala akapalamula yekha? Bwalo limayamba lafufuza ngati angathe kumvetsa mlandu wake, ndipo likapeza kuti anachita chinthucho mutu usali bwino, silimuweruza ngati chigawenga wamba, koma limalamula kuti asungidwe mpaka pamene Mtsogoleri wa dziko adzalolere kuti atuluke, ambiri a iwo ku chipatala cha akaidi cha Chainama East. Mawu amenewo amamveka ofatsa, koma alibe tsiku lotulukira lolembedwa, kotero kuti munthu wopanda womukumbutsira angathe kukhalitsa koposa amene anaweruzidwa zaka zowerengeka. Abale a wotere asaleke kugogoda ku Legal Aid Board, kumene maloya a boma amathandiza osauka. Munthu woyesa kudzipha, m'Zambia muno si wamlandu chiyambire lamulo la 1967, ngakhale kuti tsidya la Mchinji abale athu a ku Malawi kwa zaka zambiri ankamutengera kukhoti. Kuno wotere mupite naye kuchipatala, ndipo amene mtima wamulemera usiku angathe kuimba 933 kwaulere, ana 116.

Wolakwiridwa ali ndi makomo angapo: mkulu wa chipatala choyamba, kenako khonsolo yoyang'anira ogwira ntchito zachipatala ya HPCZ ngati wolakwa ndi dokotala kapena kiliniko ofisa, bungwe la Human Rights Commission limene lakhalapo chiyambire 1997, ndi Bwalo Lalikulu lomwe lija atatu aja anapitako. Mlandu suola, koma umafuna mboni ndi mapepala. Sungani khadi la kuchipatala, lembani masiku, ndipo musapite nokha.

Kwa boma ndili ndi mawu awa okha, kuti lamulo lokoma lopanda mankhwala m'mashelefu lili ngati mbale yotsukidwa bwino yoikidwa pamaso pa wanjala. Ndondomeko ya boma ya za umoyo wa maganizo ya 2005 inalonjeza kale kuti chithandizo cha maganizo chidzatsikira ku makiliniki a pafupi ndi anthu, ndipo lamulo la 2019 labwereza lonjezo lomwelo. Chikhalirecho madokotala a matendawa ndi ochepa, ambiri ali mu Lusaka, ndipo katundu wolemera wasenzedwa ndi makiliniko ofisa ndi anamwino ophunzitsidwa ku koleji ya Chainama. Pa 10 Okutobala chaka chilichonse timaguba ndi zikwangwani pokumbukira tsiku la umoyo wa maganizo. Ndikanakonda aphungu athu akanafunsidwa pa tsikulo kuti mu bajeti aikamo zingati.

Mnyamata uja wa m'kachipinda, azakhali ake ndiwo anaumirira kuti apite naye kuchipatala, abambo ake akukana chifukwa cha manyazi. Anagonako sabata zingapo. Sanachire ngati wa m'nthano. Miyezi ina amakhala chete osafuna kuona munthu, ndipo sukulu sanabwerereko. Koma mwezi uliwonse amakwera yekha minibasi kukabayitsa jakisoni wake, khadi lili m'thumba la malaya, ndipo masana amathandiza mayi ake kugulitsa makala pageti, ndalama akusunga ndi iyeyo. Unyolo uja ndinauona tsiku lina ndikudutsa: amamangira wilibala usiku kuti akuba angaitenge.